Konkire wa Zinash ndi Bulu wa Gashe Bedada

Inu amene munalakwitsa kamodzi kokha koma anthu akukumbukirabe mpaka lero, senderani pafupi. Nkhaniyi ndi yanu.

M'mawa wina m'tauni ya Shashemene, mvula itangokata, anthu anakhamukira pa ngalande ya kumsika. Silabu ya konkire yowolokerapo inali itathyoka pakati. Ngolo ya anyezi inali itapendekeka, ndipo m'ngalandemo munali bulu, mwendo wake wakutsogolo utapindikira kumene mwendo supindikira. Mwini wake, Gashe Bedada, anali atagwada m'matope atafukata mutu wa chiweto chakecho. Sankalira. Bola akanalira.

Amene anaumba silabuyo anali Zinash, mtsikana amene ankaumba mabuloko kuseri kwa msika. Anthu sanachedwe kumuloza chala.

Etiye Askale, mtsogoleri wa amayi a pamsikapo, anatola chidutswa cha konkireyo n'kuchifinya m'manja. Chinangonyenyeka. M'kati mwake munali timapesi takuda, towola.

"Zinash, mwana wanga, ichi n'chiyani?"

"Ndi mapesi a tefu, Etiye."

"Mapesi? M'simenti? Mayo ine! Unkamanga powolokera kapena chisa cha nkhuku?"

"Watiumbira bisiketi ameneyu!" anakuwa wina kumbuyo. Anthu anaseka, ngakhale panalibe choseketsa.

Gashe Bedada anadzutsa mutu. "Buluyu ndiye amadyetsa ana anga," anatero motsitsa mawu. "Pita ukawauze wekha kuti kuyambira mawa bambo awo azisenza pamsana."

Bulu wothyoka mwendo alibe chipatala. Anamutengera kunja kwa tauni, afisi n'kumaliza nkhani.

Musafulumire kumuseka Zinash. Aliyense wokulira m'nyumba yomata ndi dothi akanatha kuganiza monga anaganizira iye.

Malemu bambo ake, Ato Gebeyehu, anali katswiri womata nyumba. Ankaponda dothi losakaniza ndi mapesi a tefu, mbewu imene ufa wake timaphikira injera, chakudya chathu cha tsiku ndi tsiku, n'kulisiya kuti livunde, n'kumalitembenuza mpaka litakhuta. Makoma awo ankakalamba osang'aluka. "Dothi lopanda mapesi ndi bodza," ankatero. Zinash anaponda nawo dothilo kuyambira miyendo yake ili ngati timitengo ta machesi.

Bambowo atamwalira, iye analowa sukulu ya zomangamanga, koma masamu anamugwetsa, nabwereza, namugwetsanso. Anatuluka wopanda pepala n'kuyamba kuumba mabuloko. Tsono a pamsika atamupatsa ntchito ya silabu, anaona kuti zitsulo zakwera mtengo. Anaikamo zochepa, n'kunena mumtima: nzeru ya bambo anga ilipo. Anathira mapesi m'konkire.

Chimene sankadziwa n'chakuti m'dothi mapesi amauma n'kukhala chete, pamene m'simenti amamwa madzi, n'kufufuma, kenako n'kufota, n'kuwola. Amasiya timaenje tokhatokha. Kunja silabu inkaoneka bwinobwino, koma m'kati inali mphako.

Chilango chake sichinali cha kukhoti. Kwathu kuno mayi akakazinga khofi amaitana oyandikana nawo, ndipo munthu wosaitanidwa amadziwa kuti zake zada. Zinash ankamva fungo la khofi ndi lubani likulowa pazenera, ankamva akuitanana mayina khomo ndi khomo, koma pa khomo lake ankadumphapo. Ogula mabuloko anatha. Dzina loti Zinash linafa, linatsala loti Bisiketi.

Chopweteka koposa chinali Gashe Bedada. Njira yawo yopita kumsika inkadutsa pa shedi yake. Tsiku ndi tsiku Zinash ankawaona, munthu wa imvi, atawerama ndi thumba la anyezi pamsana, mitsempha ya m'khosi itatuluka. Akafika pa shedipo ankatembenuzira nkhope kumbali.

Zinash anawatumizira akuluakulu kuti akamupepesere. Gashe Bedada anawalandira mwaulemu, n'kuwabweza ndi mawu amodzi: "Madzi akatayika saoleka."

Achibale a Zinash nawo anayamba zawo. "Ukudikira chiyani kuno? Anzako ali ku Arabiya, akugwira ntchito za m'nyumba. Simenti ndi ya amuna, iwe zakukanika."

Koma Zinash sankatha kukhala pansi. Akakhala, ankanyamuka. Akayamba kudya injera, ankaisiya osaimaliza. Ankazungulira shedi yake uku akutola zidutswa za silabu ija, kuziyang'ana, kuzitaya, kuzitolanso. Mtima wake unali pa chinthu chimodzi: kuti tsiku lina Gashe Bedada adzapondenso pa konkire wa manja ake. Ndipo funso limodzi linkamudya. Bambo ake sanali onama. Nanga bwanji chimene chimagwira dothi chinakana kugwira simenti?

Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Tsiku lina anamanga zidutswazo pa nsalu n'kubwerera ku sukulu imene inamugwetsa ija, kwa mphunzitsi wake wakale, Memhir Tadiwos. Anadutsa pa geti mutu uli pansi.

Mphunzitsiyo anayang'anitsitsa zidutswazo nthawi yaitali. "Bambo ako sanalakwe," anatero. "Konkire ukamupsinja ndi ngwazi, koma ukamupinda amathyoka osachenjeza. Amafunadi chomugwira m'kati. Vuto n'loti simenti ndi waukali, zomera amazidya. Ndipo mvetsetsa: zitsulo usadzachepetsenso. Ulusi ndi wothandizira chabe, si wolowa m'malo."

"Ndiye ulusi wake uti, aphunzitsi?"

"Kunja uko amapanga wake wapadera, koma kuno suupeza. Funafuna pa zimene zili pafupi. Uziumba timabuloko tating'ono n'kumabwera nato. Makina oswera ndi awo, angokhala."

Apa m'pamene panayambira misala imene anthu a kuseri kwa msika amaisimba mpaka lero.

Anayamba ndi ulusi wa khonje. Poyamba zinaoneka ngati zatheka, moti anatsala pang'ono kuvina. Koma timabuloko timene anatisiya panja kuti mvula ndi dzuwa zitimenye, atatiswa patapita miyezi, ulusi uja unali utauma gwa, ukuthyoka ngati udzu wa m'chilimwe. Simenti anali ataudya.

Kenako anatola matumba akutha a fetereza. Ankawasomola, n'kumadula ulusi wake tizidutswa tifupitifupi. Uwu simenti anaulephera. Ndipo anaona chodabwitsa: timing'alu tija timene timatuluka konkire akamauma padzuwa sitinaonekenso. Anathamangira nato kwa Memhir Tadiwos. Makina atapsinja, kabuloko kanang'aluka, ulusi n'kutanuka, mng'alu n'kuyasamula kukamwa.

"Khungu ndiye waliteteza," anatero mphunzitsi, "koma katundu sunganyamule."

Zinash anabwerera akudziguguda pamtima. Pa ngodya ya msika panali Shemsu, wosoka nkhwaira za matayala, munthu yekhayo amene ankamusekabe ngati mnzake osati ngati mdani.

"Bisiketi! Lero waphika wa shuga kapena wa mchere?"

"Ndisiye, Shemsu. Pakamwa pakopo pakanakhala simenti, tauni yonse ino ikanamangidwa."

Akulankhula choncho, maso ake anagwa pa mulu wa waya kuseri kwa benchi. Unali waya wa m'matayala, umene Shemsu ankasolola n'kutaya.

"Uyu ukumusungira ndani?"

"Tenga, mlongo wanga, wandithandiza kusesa. Koma akakubaya usabwere kudzalira pano."

Anamubayadi. Waya wa m'tayala ndi wouma mutu, ndipo Zinash ankamudula ndi pulayala, kachidutswa kalikonse kutalika ngati mfundo ziwiri za chala, n'kukapinda kumapeto kuti kakole. Zala zinatha ndi mabala. Ulendo woyamba anamukhuthulira yense pamodzi m'phala la konkire, waya n'kukolana kukhala chimpira chimene fosholo inachilephera. Anaphunzira kuwaza pang'onopang'ono ngati mchere. Ulendo wina phala linalimba kwambiri, iye n'kuwonjezera madzi kuti lifewe, ndipo kabuloko kanatuluka kofooka kuposa koyamba. Ha! Anaponya fosholo kutali, kenako n'kukaitola yekha.

Atazolowera, timabuloko ta waya tinayamba kukanika makina. Koma chisangalalo sichinakhalitse. Timing'alu ta padzuwa tija tinabwerera, madzi n'kumalowera momwemo, ndipo timabuloko timene anatisiya m'ngalande tinatuluka tikulira misozi yofiira ya dzimbiri.

Pamenepo ndiye anatopa. Chaka chinali chitatembenuka, Gashe Bedada ankadutsabe ndi thumba pamsana, ndipo iye analibe chowaonetsa. Analongedza chikwama. Anapita kwa Shemsu kukatsanzika.

"Ndikupita ku Arabiya. Khonje wawola, ulusi ndi wofooka, waya akuchita dzimbiri. Palibe chabwino ndi chimodzi chomwe."

Shemsu sanadzutse mutu. Anali kucheka tayala ndi mpeni wake wokhota. "Pita, ukatsuke mbale za eni ake. Koma iwe ndiwe wodabwitsa. Ukufuna mmodzi woti akuchitire zonse, ngati mkazi wofuna mwamuna wolemera, wokongola, wosamwa, womveranso. Alipo ameneyo?" Anamuponyera chidutswa cha tayala. "Taona umo. Waya alimo, ulusinso ulimo. Opanga matayalawa ndi opusa?"

Zinash anayang'ana pamene panachekedwapo. Mizere ya ulusi, pansi pake mizere ya waya, zonse m'mphira umodzi. Chikwama anachiiwala pa benchi ya Shemsu pomwepo.

"Iwe, katundu wakoyu!" anakuwa Shemsu. "Ndimugulitsatu!"

Sizinatheke tsiku lomwelo ayi, ndipo aliyense wokuuzani kuti zinthu zimatheka tsiku limodzi akukunamizani. Ulusi ukachuluka, phala silinkayenda m'chikombole. Waya akachuluka, ankakolana. Anachepetsa uku, kuwonjezera uko, kufundika timabuloko ndi matumba onyowa, kutithirira m'mawa ndi madzulo, kudikira, kuswa, kuyambanso.

Ndiye linafika tsiku limene makina anapsinja, kabuloko n'kulira kuti the! Mng'alu unaoneka, koma muvi wa makina sunagwe monga unkagwera kale. Unangotsika pang'ono n'kuima. Mphunzitsi anawonjezera mphamvu. Kabuloko kanapindika, koma zidutswa zake zinakana kusiyana.

Memhir Tadiwos anavula magalasi. "Ukuona chimene chikuchitika? Ulusi ukugwira timing'alu tikadali tating'ono, ndiye madzi akusowa polowera kuti akadye waya. Mng'alu waukulu ukabwera, waya akuugwira pakhosi. Aliyense ntchito yake. Bwereza, ndione ngati si mwayi chabe."

Anabwereza. Timabuloko tina anatiika m'ngalande nyengo yonse ya mvula, tina padenga padzuwa. Atatitulutsa, dzimbiri linali pamwamba pokha, pa timitu ta waya totulukira kunja. M'kati munali mwa mbee.

Nthawi yonseyi, pa ngalande ya kumsika ankawolokera pa mitengo ya bulugamu. Inkaterera, inkawola, ndipo mvula ina inali pafupi. Zinash anaumba silabu zatsopano, zitsulo zokwanira pansi, waya ndi ulusi thupi lonse. Kenako anapita kwa Etiye Askale.

"Etiye, ndiloleni ndiikepo. Sindikufuna kanthu."

"Mwana wanga, ine ndingalole, koma owolokapo si ine. A ngolo onse amamvera Bedada. Iye akakana, silabu yakoyo udzagonapo wekha."

Analola kuti ayesere tsiku la msika. Mitengo inachotsedwa, silabu inaikidwa, ndipo anthu anadzaza mbali zonse ziwiri za ngalande. Ngolo zinandanda, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wofuna kuyamba.

"Bulu wanga sadya bisiketi!" anakuwa woyendetsa ngolo ya kutsogolo, imene inali yodzaza ndi matumba a anyezi.

Gashe Bedada anatulukira m'khamumo. Anatula thumba lake pansi. Kwa nthawi yoyamba chichitikireni ngozi ija, anamuyang'ana Zinash m'maso.

"Wabweranso kudzapha wa ndani?"

"Iyeseni, Gashe. Muiyese mmene mungafunire."

Gashe Bedada anapita kwa oswa miyala n'kubwerako ndi hamala yaikulu. Anthu anafutuka. Anaikweza m'mwamba n'kuitsitsa pakati pa silabu. Phuu! Hamala inadumpha. Anamenyanso. Anamenyanso. Munthu wamkulu uja ankamenya ngati akumenya njala ya ana ake, msana wake wopweteka, ndi afisi aja. Thukuta linali kamukamu. Zinash anaima chilili, akuluma mlomo.

Potsiriza mng'alu unathamanga kuchokera mbali ina kufika mbali ina.

"Yathyoka! Bisiketi wathyokanso!"

Koma Gashe Bedada, akupumira m'mwamba, anali kuyang'ana pansi. Silabu inali pomwepo. Anaiponda ndi phazi, osagwedera. M'mng'alumo munkaoneka timawaya ndi timaulusi titagwira uku ndi uku.

"Yang'aluka, Gashe," anatero Zinash, "koma sinathyoke. Ngolo idutsapo."

"Pa yong'alukayi? Ndani wamisala angaikepo bulu wake?" anayankha Gashe Bedada.

Zinash anatembenukira kwa woyendetsa ngolo ya kutsogolo uja. "Achimwene, masulani bulu wanuyo."

"Ati chiyani?"

"Masulani. Ngati pali mwendo woti uthyoke lero, ukhale wanga."

Munthuyo anamasula bulu wake uku akupukusa mutu. Zinash anamanga nsalu m'chiuno, analowa pakati pa mitengo ya ngolo, n'kukoleka lamba wa bulu pachifuwa pake. Mtsikana wamoyo, pamaso pa tauni yonse, kulowa m'malo mwa bulu! Ena anaseka, ena anagwira pakamwa. Etiye Askale anayamba kupemphera mokweza.

Zinash anakoka. Ngolo inagwedera, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono. Mapazi ake anaponda pa silabu, anadutsa mng'alu uja. Matayala anakwera. Koma atafika pa mng'alu penipeni, mphamvu zinamuthera. Ngolo inaima pomwepo, katundu yense atatsamira pa malo ovulalawo. Iye anakoka, lamba n'kumudula mpweya, koma ngolo osasuntha. Pansi pake madzi akuda a m'ngalande ankayenda.

Silabu inangokhala phee.

Ndiye panamveka hamala ikugwa pansi. Zinash anamva ngolo ikupepuka kumbuyo kwake. Gashe Bedada anali atakwera pa silabu yomwe anaimenya ija, phewa lake litatsamira pa matumba, akukankha.

"Koka, iwe!" anakuwa. "Bulu wanga sankaima pakati pa njira!"

Anawoloka. Amayi a pamsika anaimba nthungululu, ndipo Shemsu ankavina ndi nkhwaira m'manja ngati wapenga. Zinash anavula lamba n'kukhala pansi m'fumbi, akulira osabisa.

Gashe Bedada anabwera n'kuima patsogolo pake. Anayang'ana zala zake zodzaza ndi zipsera za waya.

"Bulu wanga sabwerera," anatero.

"Ndikudziwa, Gashe."

Gashe Bedada anapukuta thukuta ndi chipewa. "Mayi akunyumba akazinga khofi masana ano. Ubwere. Koma usambe m'manja kaye, ukununkha simenti."

Silabu yong'aluka ija Zinash anaichotsa tsiku lomwelo n'kuikapo yatsopano, chifukwa yovulala siisiyidwa panjira ngakhale itapirira bwanji. Anaiimika pakhomo pa shedi yake, ndipo ogula akabwera amayamba aigwira kaye. Lero ngalande zambiri za m'dera limenelo zavindikiridwa ndi silabu zake. Phindu loyamba anagulira bulu, ndipo amene amanyamula silabuzo pa ngolo kupita nazo kwa ogula ndi Gashe Bedada. Dzina lija silinachoke. Iye mwini analilemba ndi penti yofiira pa chikwangwani cha shedi: Kwa Bisiketi.

Inu owerenga, mwina nanunso muli ndi ngalande yanu, pamene munagwetsapo munthu kapena kugwa nokha. Mwina fungo la khofi wa anzanu limangokudutsani. Musathawe tauni. Bwererani mukatole zidutswazo, mukafunse amene akudziwa ngakhale manyazi akugwireni, ndipo chimodzi chikakanika musanene kuti zonse zakanika, pakuti nthawi zina chimangosowa chinzake. Adzakumenyani ndi hamala, ndipo mng'alu udzaoneka ndithu. Koma kung'aluka si kuthyoka. Gwiranani m'kati, kokani ngolo yanu, ndipo musataye mtima mpaka mutawoloka.